Tisanathamangire purosesa yatsopano tiwerengere kaye mtengo wake wonse

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo pa nkhani yomwe ena aiona ngati ya anthu ochepa, koma ine ndikuona kuti yayamba kudya ndalama za achinyamata ambiri amene akudzilemba okha ntchito pa kompyuta. Ine ndimajambula ndi kuedita makanema a maukwati, zinkhoswe ndi zochitika za kutchalitchi kuno ku Lilongwe, ndiye kompyuta kwa ine ndi khasu, ikafooka ana kunyumba amadziwa. Chandipangitsa kulemba ndi msuweni wanga, mnyamata wolimbikira zedi amene wayamba kumene ntchito ngati yangayi. Anabwera kwathu Lamlungu lina foni ili m'manja akundionetsa kanema wa pa YouTube wa azungu akuyesa purosesa, ubongo wa kompyuta, ya mtundu wa Threadripper, maso ali gwa, ndiye akuti achimwene ine ndaganiza, ndigulitsa puloti yomwe anandisiyira bambo ija ndigule makina awa kuti ntchito izithamanga. Mtima wanga unagunda, chifukwa ndikudziwa kuti si yekha amene akuganiza chonchi, m'magulu athu a pa WhatsApp a ojambula nkhani yake ndi yomweyi tsiku ndi tsiku.

Tiyambe ndi mtengo womwe amaulengeza. Kampani ya AMD inatulutsa ma Threadripper 9000 mu July 2025, wamkulu wake 9980X ali ndi ma core 64, tizigawo ta mkati mwa purosesa tomwe timagwira ntchito, ndipo mtengo wake ndi madola 4,999, wapakati 9970X wa ma core 32 ndi madola 2,499, wamng'ono 9960X wa ma core 24 ndi madola 1,499. Tikawerengera pa mtengo wa kubanki wa mu 2025 wa pafupifupi K1,750 pa dola, wamkuluyo akupitirira K8.7 miliyoni ndipo wamng'onoyo ndi cha m'ma K2.6 miliyoni. Koma tonse tikudziwa kuti munthu wamba kupeza dola pa mtengo wa kubanki ndi nkhani ina, ambiri amakathera kwa anyamata a pamsewu komwe dola yomweyo imakwera mochititsa mantha, ndipo chichokereni pomwe kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023 chilichonse chochokera kunja chinasanduka cholemera. Ndiye ndalama zonsezo mwagula chani? Kachitsulo kokwana pachikhatho basi, komwe pakokha sikangayatse ngakhale nyali.

Apa ndi pomwe akuluakulu anati walira mvula walira matope. Purosesa imeneyi siilowa pa motherboard yomwe muli nayo, bodi yaikulu yomwe zipangizo zonse za kompyuta zimalumikizidwapo, imafuna soketi, malo okhazikapo purosesa, yakeyake ya sTR5, ndiye mugule bodi ya TRX50 yomwe payokha ndi madola mazanamazana. RAM yanu yakale ija, memory yomwe kompyuta imasungamo zomwe ikugwira nthawi imeneyo, ngakhale ikhale DDR5 yomwe munagula chaka chatha, siigwira, chifukwa makina awa amafuna mtundu wina wotchedwa RDIMM womwe umagwiritsidwa ntchito m'ma server, ndipo kuti muone phindu lake mumafunika zidutswa zinayi za RAM nthawi imodzi. Ndipo izi zikuchitika pomwe mitengo ya RAM padziko lonse inakwera kwambiri kumapeto kwa 2025 chifukwa makampani a AI akusesa yonse. Kenako purosesayo imadya ma watt 350, ndiye cooler yanu yakale yoziziritsa purosesa iiwaleni, ndi yaing'ono moti siiphimba n'komwe nkhope ya purosesayo, mugulenso ina. Power supply nayo yakale ya ma watt 550 siikwanitsa. Mwina ndi bokosi lomwe, poti ma bodi amenewa ndi akuluakulu. Pamwamba pa zonsezo ikani ndalama yonyamulira kuchokera ku Johannesburg kapena Dubai, ikani msonkho wa pachipata ndi VAT. Ndinamuuza msuweni wanga kuti tenga pepala tilembe chimodzichimodzi, titafika pansi anakhala chete, chifukwa ngakhale pa purosesa yaing'ono ija ndalama yonse inali itawirikiza kale, kamera sanagule, renti sanalipire.

Chomwe chimandipweteka kwambiri n'choti anthu amanena kuti gulani kamodzi mwagula mpaka kale, mudzizangosintha purosesa yokha m'tsogolo. Mbiri ya makina amenewa siikunena choncho ayi. Mu 2017 anthu anagula Threadripper 1950X ya ma core 16 pa madola 999 ndi bodi ya X399, patangotha zaka ziwiri ma Threadripper 3000 anabwera ndi soketi ina ya sTRX4 ndipo bodi zija zinathera pomwepo. Amene anagula bodi za TRX40 pa nthawiyo, ena mpaka anaikapo 3990X ya ma core 64 ya madola 3,990 mu 2020, bodi zawozo zinangolandira m'badwo umodzi wokhawo, 2023 itafika kunabwera sTR5. Kwa Intel nakonso soketi ya LGA1700 inanyamula m'badwo wa 12, 13 ndi 14 kenako mu October 2024 Core Ultra 9 285K inabwera ndi LGA1851, bodi yatsopano. Ndinene chilungamo, ma Threadripper 9000 amalowa pa bodi zomwe zinabwera ndi 7000 mukangosintha BIOS, kapulogalamu ka mu bodi koyatsira kompyuta, ndipo AMD inalonjeza kuti soketi ya AM5 ya makompyuta wamba ikhalapobe mpaka 2027 kapena kupitirira, zimenezo ndi zabwino. Koma munthu wogulitsa puloti asamange moyo wake pa chiyembekezo choti bodi idzakhala yamuyaya.

Ine ndinadutsamo mu maganizo omwewa ndiye sindikunena za m'buku. Kompyuta yanga yoyamba yeniyeni inali ndi Ryzen 5 2600 pa bodi ya B450, RAM 16GB ndi hard disk yozungulira ija. Nditayamba kujambula 4K zinthu zinayamba kukakamira, ukadina play kanema akuyenda ngati munthu wotsimphina, mawu akutsogola chithunzi chikutsalira, kasitomala akuimba foni kuti ukwati wathu uja bwanji papita mwezi. Ndinali wotsimikiza kuti vuto ndi purosesa ndipo ndinayamba kale kusunga ndalama yogulira makina onse atsopano. Mnzanga wina wokonza makompyuta anabwera usiku wina n'kundiuza kuti tatsegula Task Manager, pulogalamu ya Windows yoonetsa mmene chipangizo chilichonse chikugwirira ntchito, uziedita ine ndiziona. Tinakhala pamenepo awiri tikuyang'ana timizere tija, purosesa ikungosewera pansi pa theka, koma mzere wa disk uli pa 100 osatsika, RAM nayo yadzadza mpaka pakamwa. Anandiuza kuti ona, antchito ako akungokhala chifukwa wobweretsa njerwa ndi mmodzi ndipo akuyenda wapansi. Ndinagula SSD ya NVMe, disk yothamanga kwambiri yosazungulira, ndinawonjezera RAM kufika 32GB, ndipo kompyuta yomweyo inasanduka ina. Ndalama yomwe ndinawononga siinafike ngakhale pa gawo laling'ono la zomwe ndinkafuna kuwononga.

Patapita nthawi ntchito itachuluka ndi pomwe ndinasintha purosesa, koma pa bodi yomweyo, chifukwa soketi ya AM4 inanyamula ma Ryzen kuchokera oyambirira a 2017 mpaka ma 5000 omwe anatuluka mu 2020. Ndinapeza Ryzen 9 5900X ya ma core 12 yogwiritsidwapo kale ntchito. Tsiku losintha BIOS sindidzaliiwala, ndinadikira mpaka pakati pa usiku nthawi yomwe magetsi kwathu sathimathima, ndinalumikiza UPS, batire yogwirizira magetsi akathima, flash ili kumbuyo, kamzere kakuyenda pang'onopang'ono pa sikirini ine manja ali thukuta, poti magetsi akangothima pakati pa ntchito imeneyo bodi ikhoza osadzukanso. Kenako kuchotsa cooler yakale mopotokola pang'ono kuti isazule purosesa ndi kupinda timapini take, kupukuta phala lakale louma lija la pakati pa purosesa ndi cooler, kudontheza latsopano ngati kanjere ka nandolo pakati, kumanga. Itayaka n'kuonetsa ma core 12 ndinagwada kuthokoza Mulungu. Mpaka lero ndi makina omwewo amene akudyetsa banja langa. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha, ndipo pa makompyuta njira imeneyi ilipo ndithu, kungoti ogulitsa sakonda kuitchula.

Nkhani ya ma core ambiriyi ndiyofunika kuimvetsa bwino chifukwa ndi pomwe anthu akupusitsidwira ndi manambala. Ma core ali ngati aganyu. Ngati ntchito yanu ndi yopalira munda wa maekala khumi, aganyu 64 amaliza msanga kuposa aganyu 8, aliyense atenga mzere wake. Koma ngati ntchito ndi kuphika nsima mu mphika umodzi, mthiko ndi umodzi, wovundula ndi mmodzi, ena 63 aja angoima mozungulira kudikira ndipo onsewo mwawalipira. Chomwe chikufunika pamenepo ndi mkono umodzi wamphamvu ndi wachangu. Katswiri wina wa makompyuta Gene Amdahl anafotokoza zimenezi kale mu 1967, kuti gawo la ntchito lomwe silingagawidwe ndi lomwe limaika malire a liwiro ngakhale muwonjezere antchito ochuluka bwanji. Kurenda, kutanthauza kutulutsa chithunzi kapena kanema womalizidwa, zithunzi za 3D mu pulogalamu ya Blender pogwiritsa ntchito purosesa, kumanga mapulogalamu akuluakulu, kuwerengera za sayansi, imeneyo ndi minda. Koma Photoshop, kudula ndi kulumikiza kanema pa timeline, ntchito zambiri za mu studio ya nyimbo, ndi magemu, mbali yaikulu ndi nsima ya mu mphika umodzi kapena miphika yowerengeka. N'chifukwa chake pa magemu Ryzen 7 9800X3D ya ma core 8 okha, yomwe inatuluka mu November 2024 pa madola 479, imaposa ngakhale ma Threadripper omwe mtengo wake ndi wowirikiza kakhumi. Ndipo kwa amene akufunadi mphamvu zambiri pa kanema, Ryzen 9 9950X ya ma core 16 inatuluka pa madola 649 ndipo imakhala pa bodi wamba ya AM5 ndi RAM wamba ya DDR5, ma core omwewo 16 amene mu 2017 ankatengedwa ngati a makina apamwamba kwambiri.

Kwa ife a makanema palinso china. Masiku ano ntchito yaikulu yotulutsa kanema wa H.264 kapena H.265 siigwiridwanso ndi ma core a purosesa, imagwiridwa ndi kachigawo kapadera ka mu graphics card, chipangizo choyendetsa zithunzi, a NVIDIA amakatcha NVENC, a Intel ali ndi Quick Sync mkati mwa mapurosesa awo wamba. Pulogalamu yoeditira ya DaVinci Resolve imadalira kwambiri graphics card pa mitundu ndi zokometsera zina. Threadripper ilibe n'komwe graphics yamkati. Komanso pali ma proxy, timakope topepuka ta kanema tomwe umaeditira kenako pomaliza pulogalamu imabwerera ku kanema weniweni, ndi zaulere, zili mu Premiere Pro ndi mu Resolve momwe, umangozisiya zikupangika usiku iwe ukugona. Msuweni wanga anali asanazimvepo n'komwe, koma anali wokonzeka kugulitsa malo.

Ndiye tibwere pa magetsi, chifukwa azungu a pa YouTube aja akamayesa makina awo sawerengera za kuno. Purosesa ya ma watt 350 muiphatikize ndi graphics card yoyenerana nayo yomwe ikudyanso ma watt 300 kapena kuposa, sikirini ziwiri, ma disk, mwafika kale pa mphamvu yomwe ka UPS ka 650VA komwe ambirife tili nako sikangapirire ngakhale mphindi imodzi, kamangolira kamodzi n'kuzima. Ndiye mugulenso UPS yaikulu, kapena inverter ndi mabatire, kapena jenereta ndi mafuta omwe nawonso nthawi zina timagonera pa mzere. Amene ali pa sola awerengere mapanelo owonjezera. Purosesa yokhayo ikamagwira ntchito mwamphamvu maola 8 yadya mayunitsi pafupifupi atatu, tsiku lililonse, mwezi wonse. Ndipo mphamvu yonseyo imasanduka kutentha mu kachipinda kanu ka malata mwezi wa October, fumbi likulowa pawindo n'kumata pa ma fan, purosesa ikatentha kwambiri imadzichepetsa yokha liwiro kuti isapse, ndiye mwalipira liwiro lomwe simukuliona. Ine chaka china magetsi anathima n'kubwerera mwamphamvu pamene ndinali ndisanagule chotetezera, power supply inaphulika ndi fungo la pulasitiki wopserera ndipo inatenga bodi yomwe ndinali nayo nthawi imeneyo. Ndinalira, koma ndinapeza ina mu tauni momwemuno pasanathe sabata chifukwa inali bodi wamba. Bodi ya TRX50 ikapsa mukaipeza shopu iti ku Lilongwe kapena ku Blantyre? Mudikira wachibale wobwera pa ndege kapena pa basi ya ku Joni, ntchito itaima, makasitomala akukalipa.

Pa warranty napo tisadzinamize. Mu 2024 zinadziwika padziko lonse kuti mapurosesa ena apamwamba a Intel a m'badwo wa 13 ndi 14 ankawonongeka pang'onopang'ono chifukwa cholandira mphamvu ya magetsi yopitirira muyeso, kampaniyo inavomera, inatulutsa zokonza kudzera mu BIOS ndipo inawonjezera warranty ndi zaka ziwiri. Kwa munthu wa ku America kapena ku UK amangotumiza pa positi n'kulandira ina. Kwa Mmalawi amene anagulitsidwa ndi munthu wobwera nazo mu sutukesi, lisiti palibe, bokosi linatayidwa kuti katundu apepuke, warranty imeneyo ndi ya pa pepala chabe. Phunziro lomwe ine ndinatengapo n'loti chinthu chongotuluka kumene chisiyeni kaye chiyesedwe ndi anthu amene ali ndi pokadandaula, ife tigule patapita chaka mavuto ake atadziwika ndipo mtengo utatsika.

Sindikunena kuti makina amenewa ndi achabe ayi, ndi mbambande ndithu ndipo alipo anthu kuno kwathu amene akuwafunadi. Kampani yojambula mapulani a nyumba yomwe imarenda 3D tsiku lonse, nyumba youlutsa mawu ndi zithunzi yomwe ili ndi makamera ambiri nthawi imodzi, ofufuza a m'mayunivesite ndi a zachipatala amene amawerengera zinthu zikuluzikulu zofuna RAM yochuluka, amene akufuna kulumikiza ma graphics card angapo ndi ma SSD ambiri pa bodi imodzi poti Threadripper ili ndi njira zambiri za PCIe zolumikizira zipangizo kuposa purosesa wamba, kwa amenewo ola lililonse lopulumutsidwa ndi ndalama ndipo makinawo amadzibweza okha. Funso lake ndi losavuta, pa sabata ndi maola angati omwe mumakhala manja lende kudikira purosesa, ndipo maola amenewo mukanapanga ndalama zingati? Mukagawa mtengo wonse uja ndi ndalama imeneyo mupeza kuti zidzatenga miyezi kapena zaka zingati kuti mubweze. Kwa ine amene ndimatulutsa maukwati awiri kapena atatu pa sabata nyengo ya maukwati, ndipo kurenda ndimakusiya usiku, yankho linali zaka zambiri kuposa moyo wa makinawo. Mkwatibwi sanandiwonjezerepo ndalama chifukwa kanema watuluka mphindi 20 msanga. Chomwe amadandaula ndi mawu a abusa osamveka chifukwa cha mphepo, nkhope zakuda mu holo yopanda kuwala, kapena kuti pa perekaniperekani azakhali ake sanaoneke poti kamera inali imodzi. Maikolofoni yabwino, nyali, kamera yachiwiri, ndi disk yosungira kope lachiwiri kuti ukwati wa anthu usatayike, zimenezo ndi zomwe kasitomala amaziona ndi kuzilipira.

Chifukwa chimodzi chenicheni chosinthira makina chomwe sindingachitsutse ndi cha Windows. Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo Windows 11 imafuna kachipangizo ka chitetezo ka TPM 2.0 ndi purosesa yoyambira pa m'badwo wa 8 wa Intel kapena Ryzen 2000. Makompyuta ambiri a kaunjika omwe ali m'maofesi, m'masukulu ndi m'ma internet cafe athu ndi akale kuposa pamenepo, ndipo ngakhale Threadripper 1950X ija ya madola 999 siili pa mndandanda wovomerezeka. Koma yankho la vuto limenelo ndi kompyuta ya m'badwo wa 8 kapena woposerapo yomwe ikupezeka yogwiritsidwapo kale ntchito pa mtengo wofikirika, osati makina a mamiliyoni khumi.

Pempho langa kwa inu a Mkonzi n'loti mukamalemba za zipangizo zatsopanozi pa tsamba lanu la zaukadaulo muzitiikira mtengo wa makina onse mu kwacha, bodi, RAM, cooler, power supply, msonkho ndi magetsi omwe, osangokopera mtengo wa purosesa yokha mu madola monga alembera akunja, ndipo muzifunsako anthu amene akugwira ntchito ndi makinawa kuno. Kwa ogulitsa makompyuta, chonde muzimufunsa kaye mwana wa mnzanu kuti akufuna kugwirira ntchito yanji musanamulozere chodula kwambiri pa shelefu, adzabweranso kwa inu mawa mukamuuza zoona lero. Ndipo kwa aphunzitsi a m'makoleji a zaukadaulo, aphunzitseni ana athu kuwerenga Task Manager ndi kudziwa chomwe chikuchedwetsa makina, ndi luso la mphindi khumi koma likhoza kupulumutsa munda wa banja.

Msuweni wanga puloti sanagulitse, pakadali pano. Sindinganene kuti wakhutira kwathunthu chifukwa kanema wa pa YouTube uja amauonerabe, koma wavomera kuti Loweruka likubwerali abweretsa kompyuta yake kwathu, titsegule, tipukute fumbi, tiike ukwati umodzi wa 4K pa timeline ndipo tikhale pansi awiri tione kuti ndi mzere uti womwe ukufika pa 100.

Ine wanu,
Wojambula makanema a maukwati,
Lilongwe